Kusoka chidikha cha Kasungu pa chithunzi chimodzi: panorama ndi kamera ya mirrorless

Kasungu ndi dziko lotambalala. Mukakwera phiri la Kasungu m'mwezi wa Meyi, mvula itatha ndipo anthu asanayambe kutentha tchire, maso amafika kutali: tauni pansipa, msewu wa M1 ukuchokera ku Lilongwe n'kupitirira kumpoto, zigafa za fodya, madambo, timidzi tomwazikana mpaka kumene thambo lagundana ndi nthaka. Ndiye kwezani kamera, mudine, muone chimene chituluke. Kachidutswa chabe. Mukati mubweze lenzi pa 16mm kuti zambiri zilowe, zimalowadi, koma nyumba zimasanduka nyerere, theka la chithunzi n'kukhala thambo lopanda kanthu, theka linalo miyala ya pamapazi panu.

Njira yake ndi kujambula zithunzi zingapo motsatizana, china chikukwera pang'ono pa chinzake, kenako n'kuzisoka pa kompyuta kuti zikhale chithunzi chimodzi chachitali. Panorama ndi imeneyo. Ine ndimadyera maukwati ndi zinkhoswe, ndipo izi ndinaziyamba ngati masewera a Lamlungu masana. Ulendo woyamba ndinakwera phiri kamera ili pa Auto, n'kujambula zithunzi 9 ndikuzungulira ngati nguli, n'kutsika ndikudzitama. Nditazilumikiza, thambo linatuluka mizeremizere ngati nsalu ya matiresi: apa lakuderako, apa loyererako, apa lotuwa. Kamera sinalakwe. Pa chithunzi chilichonse inkaganiza payokha, n'kusintha kuwala ndi mtundu monga inaonera. Luso lonse lagona pamenepo: kuiletsa kamera kuganiza, kuti zithunzi zonse zibadwe zofanana ngati ana a mimba imodzi.

Za m'chikwama, usiku musananyamuke

Kamera ya mirrorless iliyonse ikwanira, ngakhale yogula kwa munthu. Yanga ndi Sony a6000, imene inatuluka mu 2014, ndipo chithunzi chake chimakhala cha mapikiselo 6000 kwa 4000. Za Fujifilm, Canon, Nikon, Panasonic kapena Olympus nazonso zitha ntchitoyi. Dzina loti mirrorless likutanthauza kuti mulibe kagalasi kamene m'makamera a DSLR kamatembenuzira kuwala ku diso la wojambula. Mukasuzumira, mumaona kasikirini kosonyeza zimene sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ikuona, ndipo mukasintha kuwala kapena mtundu, chithunzi chimasintha pomwepo musanadine. Pa panorama umenewu ndi mwayi waukulu, chifukwa mutha kuyendetsa kamera kuchokera kumanzere mpaka kumanja n'kuoneratu pamene pati pade ndi pamene pati payere mopyola.

Koma walira mvula walira matope. Popeza kagalasi kaja kulibe, mukangochotsa lenzi sensa imakhala pamtetete, ndipo fumbi la kuno mukulidziwa. Pa chithunzi wamba, kafumbi kamodzi ndi kadontho kamodzi. Pa panorama ya zithunzi 7, kamabwera kasanu ndi kawiri, timadontho tofola m'thambo ngati akakowa pobwerera madzulo. Choncho usiku musananyamuke, chepetsani kabowo ka m'lenzi kolowetsa kuwala (aperture) kafike pa f/16, mujambule khoma loyera kapena pepala, n'kukulitsa chithunzicho pa sikirini. Mukaona madontho, chotsani lenzi, muzondotse kamera kuti kukamwa kwake kuyang'ane pansi, mupemerere ndi kampira kopopera mpweya. Musapemerere ndi pakamwa, muthiramo malovu. Musapukute ndi malaya. Lenzi imene mukagwiritse ntchito muimangiretu kunyumba.

Lenzi yake iti? Ambiri amathamangira yotambalala kwambiri, koma imeneyo imapinda zinthu za m'mbali, ndipo posoka zimavuta. Pa kamera za sensa yocheperako, yotchedwa APS-C, ngati yangayi, khalani pakati pa 24mm ndi 50mm. Ine ndimakonda 35mm, ndipo kalenzi kobwera ndi kamera ka 16-50mm kamafika pamenepo bwinobwino. Ngati kutsogolo kwa lenzi kuli polarizer, galasi lochepetsa kunyezimira, ichotseni. Imadetsa thambo kwambiri mbali imene yapingasana ndi dzuwa, n'kusiya mbali zina zoyera, ndipo pa chithunzi chachitali chigamba chakudacho simungachibise.

Mabatire tengani awiri, otchajidwa mokwanira, chifukwa kasikirini kaja kamadya moto nthawi yonse imene kamera yayaka. Kadi ikhale ndi malo: chithunzi chimodzi cha RAW, chimene chimasunga zonse zimene sensa yaona, pa a6000 chimadya pafupifupi 24MB, ndipo mudzabwereza mzere umodzi wa zithunzi katatu kapena kanayi.

Makamera ambiri ali ndi panorama yodzisokera yokha. Ya Sony amaitcha Sweep Panorama: mumadina n'kuzunguza kamera, iyo n'kulumikiza. Siyoipa poonerapo ngati malo akukongola, koma imatulutsa JPEG yokha, chithunzi chofinyidwa kale, ndipo mukaizunguza chopingasa msinkhu wake umangokhala mapikiselo 1856. Yosoka nokha imapitirira 5000. Kusiyana kwake kumaonekera pa khoma.

Mwezi, ola, ndi eni malo

Kuyambira Epulo mpaka Julayi mpweya umakhala woyera. Ogasiti akalowa, utsi wa lupsa ndi fumbi zimaphimba chidikha chonse, mapiri akutali n'kuzimirira mpaka mvula yoyamba. M'dzinja, mvula ikangokata, dziko limaoneka ngati lachapidwa, koma mitambo imathamanga, choncho muyenera kufulumira.

Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kum'mwera kwa equator. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mukayang'ana kum'mwera limakhala kumsana kwanu, kumene mukulifuna. Komanso kuno dzuwa silichedwa kulowa. Kuwala kofiirira kwa madzulo, kumene kumatalikitsa mithunzi ya mitengo n'kuonetsa mizere ya m'minda, sikukhalitsa kupitirira theka la ola. Fikani ola lathunthu nthawi isanakwane, zonse muzikonzeretu dzuwa likadali pamwamba.

Tsiku lina ndinaimika tripod, sitandi ya miyendo itatu ija, m'mbali mwa munda cha ku Mtunthama. Ndisanadine n'kamodzi komwe, bambo wina wachikulire anatsika pa njinga.

"Mwana wanga, kodi mukuyeza minda yathuyi? Wakutumani ndani?"

"Pepani agogo, ndinayenera kuyamba ndaodira. Sindikuyeza ayi, ndikungojambula dambolo."

"Mukanayamba mwafika kwa amfumu. Nanga mitengo yowirira apoyo mukuiona? Kumanda uko. Chinthu chanucho chisaloze kumeneko."

Ananena zoona. Munthu woima ndi tripod pakati pa minda amafanana ndi woyeza malo, ndipo nkhani za malo sizisekedwa. Panorama imakokolola chilichonse chili patsogolo, ndipo kuno kwathu kankhalango kotsala pakati pa minda nthawi zambiri kamakhala manda, mwinanso kudambwe kumene kumatuluka zilombo. Safunsa anadya phula. Perekani moni, fotokozani, ndipo mukamaliza muwaonetse eni malo pa sikirini.

Kuimanga kamera manja

Mukafika, musathamangire kudina. Onani pamene chithunzi chiyambire ndi pamene chithere, ndipo mupeze chinthu chogwira diso: mkuyu waukulu, tchalitchi, chigafa, njira yokhotakhota. Popanda chimenecho mudzatulutsa lamba wautali wa thengo amene munthu sadziwa poyambira kuyang'ana.

Tsopano mangani zinthu zinayi, chimodzichimodzi.

Choyamba ndi kuwala. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba kafike pa M, pamene zonse mumasintha nokha. ISO, nambala ya mmene sensa imamvera kuwala, ichotseni pa Auto, muiike pa 100, kapena pa nambala yotsikitsitsa ya kamera yanu, poti za Fujifilm zina zimayambira pa 160 kapena 200. Aperture ikhale f/8, pamene malenzi ambiri amaonetsa bwino kuyambira pakati mpaka m'mbali. Kenako lozetsani kamera ku mbali yowala kwambiri ya panorama yanu, n'kusintha liwiro la shutter, kachitseko kotsegulira kuwala, mpaka mbali imeneyo ioneke bwino osapsa. Yatsani histogram, kaphiri kamene kamaoneka pakona pa sikirini: kasagunde khoma la kumanja. Ngati kamera yanu ili ndi zebra, timizere tovinavina timene timasonyeza popsa, wonjezerani liwiro mpaka titachoka m'mitambo. Dzuwa likuswa mtengo mudzapezeka muli cha pa 1/400, madzulo mutha kutsika mpaka 1/60 kapena kuchepera apo. Mbali yamdima ikaoneka yoderapo musade nkhawa, mukajambula RAW mudzaidzutsa pa kompyuta. Popsa pokha ndi pamene sipabwerera, ngati nsima yopserera.

Mukaona kuti mukusintha manambala koma sikirini sikusintha, ndiye kuti kamera ikukubisirani. Pa Sony pitani pa Live View Display musankhe Setting Effect ON. Pa Canon amati Exposure simulation, pa Fujifilm Preview Exp./WB in Manual Mode.

Chachiwiri ndi mtundu. White balance, imene imalamula mtundu, ichoke pa AWB, pamene kamera imadzisankhira yokha, ipite pa kachizindikiro ka dzuwa, kapena mulembe nokha 5500K.

Chachitatu ndi fokasi. Lozani nyumba kapena mtengo wakutali, mudine batani theka kuti kamera igwire, kenako sinthani kuchoka pa AF, fokasi yodzisakira yokha, kupita pa MF, fokasi ya pamanja, kuti isasakenso. Kulitsani pa sikirini mutsimikize kuti pagwiradi. Pa 35mm ndi f/8, chilichonse chotalikira mamita 8 kupita kutsogolo chioneka bwino. Apa pali msampha umene unandikola kawiri. Kalenzi ka Sony ka 16-50mm kamabwerera m'chigoba ngati kamba kamera ikagona, ndipo ikadzuka kamayambiranso pa 16mm, fokasi yanu ija itapita. Mukudikira mtambo uchoke, kamera yagona, zonse zamasuka inu osadziwa. Pitani pa menyu mutalikitse nthawi yogonera ifike mphindi 5 kapena 30. Batire lachiwiri lija ntchito yake ndi imeneyi.

Chachinayi ndi zoom: mukaika pa 35mm, chala chisakhudzenso. Ngati kamera ili pa tripod, zimitsani choletsa kugwedezeka, chimene Sony amati SteadyShot, Canon IS, Nikon VR. Ngati ili m'manja, chisiyeni choyaka.

Pozungulira pake

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene panorama zambiri zimathyokera.

Tambasulani mkono, muimike chala chachikulu kuti chibise mtengo wakutali. Tsinzinani diso lakumanzere, kenako lakumanja. Chala chikudumpha, mtengo uli pomwepo. Diso likasuntha pang'ono, zapafupi zimasuntha kwambiri kuposa zakutali. Ojambula amati parallax. Mukaima n'kuzungulira ndi thupi lonse, kamera ili patsogolo pa nkhope, lenzi imayenda mtunda ndithu pakati pa chithunzi china ndi chinzake. Pa chithunzi choyamba nthambi ya pafupi yabisa denga la sukulu, pa chachiwiri yabisa mtengo wa pambali pake. Kompyuta ikafuna kusoka imasowa chogwira, ndipo zotsatira zake ndi mpanda wothyoka, waya wa magetsi woduka pakati, denga lamano.

Ngati palibe chilichonse pafupi, monga pamwamba pa phiri pamene chapafupi kwambiri chili kutsidya kwa chigwa, vutoli silioneka ndipo mutha kujambula m'manja. Likabwera ndi pamene pali udzu, miyala, mipanda kapena anthu pa mamita ochepa.

Kamera iyenera kuzungulira pa malo amodzi a mkati mwa lenzi, pamene kuwala kumaoneka kuti kukulowera, osati pa msana wanu ndiponso osati pa sikuluwu ya pansi pa kamera. Njira zake ndi zitatu, malinga ndi thumba.

Yaulere: ikani chala chachikulu cha dzanja lamanzere pansi pa lenzi, chakutsogolo, chikhale ngati chipilala. Chala chisasunthe, kamera izungulire pa chalapo, ndipo inuyo muziyenda pang'onopang'ono kuzungulira kamera. Mumaoneka ngati mukuvina chimtali chaulesi, koma zimathandiza.

Yachiwiri ndi ya chingwe. Mangani ulusi pa lenzi chakutsogolo, kunsi kwake mumangirire nati ya njinga, itsike mpaka itatsala pang'ono kukhudza pansi. Pansipo ikani chitsekerero cha botolo. Musanadine chithunzi chilichonse, onetsetsani kuti nati yalendewera pamwamba penipeni pa chitsekererocho. Ikatero, lenzi ili pamene inali, msinkhu wake uli womwewo. Mphepo ya mwera mu Juni imaivutitsa natiyo, ndiye sankhani yolemerako.

Yachitatu ndi ya tripod ndi kachitsulo kobwezera kamera m'mbuyo. Pa tripod wamba kamera imazungulira pa sikuluwu ya pansi pa thupi lake, pamene lenzi yatsogola masentimita angapo. Pamafunika kanjanji koti kamera ibwerere m'mbuyo mpaka lenzi ikhale pamwamba pa pozungulira. Togulitsa tilipo, koma wowotcherera zitsulo aliyense angakupangireni ka chitsulo chophwatalala chokhala ndi mpata wautali pakati, chopindidwa ngati L kuti kamera iime choimirira. Chenjerani ndi sikuluwu. Ya kamera ndi ya 1/4 inchi, ya mano 20 pa inchi. Bawuti ya M6 imaoneka yofanana, imalowa kamodzi kapena kawiri n'kulimba, ndipo mukaikakamiza mwapha mano a kamera. Chotsani sikuluwu pa tripod yakale yothyoka.

Kuti mupeze malo enieniwo, zikani nsungwi ziwiri, ina pa mita imodzi ndi theka, ina pa mamita 10, zifole kuti yapafupi ibise yakutali pakati pa sikirini. Zunguzani kamera kumanja mpaka nsungwizo zifike m'mphepete mwa sikirini. Ngati yapafupi yapatukira kumanzere kwa inzake, kamera yatsogola, ibwezeni m'mbuyo pang'ono. Ikapatukira kumanja, mwabweza mopyola. Bwerezani mpaka nsungwi ziwirizo zizibisana kulikonse kumene mwazunguzira, kenako lembani chizindikiro pa chitsulocho ndi utoto wa m'zikhadabo. Chizindikirocho ndi cha lenzi imeneyo pa 35mm basi, mukasintha muyesenso. Ntchitoyi imadya masana amodzi pakhomo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso pa tripod: chimene chiyenera kukhala levulo ndi pamene mutu ukuzungulira, osati kamera yokha. Mukawongola kamera miyendo ili yopendekeka, chithunzi choyamba chikhala bwino, koma pofika chomaliza dziko lidzakhala likutsetsereka. Sinthani miyendo mpaka kathovu ka levulo kakhale pakati, kenako zunguzani kamera mbali zonse muone ngati mzere wa dziko, pamene thambo lagundana ndi nthaka, ukukhala pamodzimodzi. Tripod ikakhala yopanda levulo, ya amisiri omanga kapena ya pa foni ithandiza.

Kudina

Imikani kamera choimirira, osati chogona. Zimaoneka zosemphana ndi nzeru, poti tikufuna chithunzi chotambalala, koma kutambalala kubwera ndi kuchuluka kwa zithunzi. Chimene chimasowa ndi msinkhu, ndipo posoka mudzadula pamwamba ndi pansi. Choncho siyani thambo ndi nthaka zochulukirapo kuposa zimene mukufuna.

Yambani ndi kujambula dzanja lanu, chala chikuloza kumene mukupita. Mukamaliza mzere, mujambule chibakera. Madzulo pa kompyuta, pakati pa zithunzi 200 zofanana, manja amenewa ndi amene adzakuuzeni poyambira ndi pothera.

Zithunzi zikwerane ngati malata padenga. Mmisiri akaumira, malata n'kungogundana milomo, nyumba imadontha. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi chilichonse libwerezedwe pa chotsatira. Kuti musamangoganizira, yatsani mizere ya pa sikirini imene imagawa chithunzi patatu. Onani chinthu chimene chili m'mphepete kumanja, kaya ndi mtengo kaya chulu, zunguzani mpaka chifike pa mzere woyamba wa kumanzere, imani, dinani. Mawu oti imani ndawanena dala: musadine kamera ikuyenda. Pa tripod gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2 kuti dzanja lisagwedeze. Pamene pali thambo lokhalokha kapena madzi, kweretsani mpaka theka, chifukwa kompyuta imafuna zinthu zogwirika kuti izindikire polumikiza.

Pa 35mm kamera ili choimirira, chithunzi chimodzi chimatenga pafupifupi madigiri 25, ndipo mukakweretsa monga ndanenera mumasuntha madigiri 17 pa kudina kulikonse. Zithunzi 7 zikupatsani madigiri oposa 120, amene ndi okwanira malo ambiri. Onjezerani chimodzi koyambirira ndi china kothera, za msoko. Mzere wonse uthe mphindi imodzi isanakwane, mithunzi ya mitambo isanasamuke, ndipo mukamaliza mubwerezenso kawiri.

Zoyenda ndi adani. Ndili ndi panorama ya msika imene wakabaza mmodzi, wa jekete yofiira, akuoneka katatu, chifukwa ndinkazungulira kumene iye ankalowera. Ina ili ndi ng'ombe ya pa ngolo yopanda mutu. Zungulirani mosemphana ndi kumene anthu akupita, ndipo chinthu choyenda muchigwire pakati pa chithunzi, osati pokwerana. Chikalowa pokwerana, musasunthe kamera, dikirani chidutse mujambulenso.

Mukapita ku Kasungu National Park malamulo amasintha. Nkhalangoyi, imene yagundana ndi malire a Zambia, inalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndipo si malo otsika m'galimoto n'kumayala tripod mwachisawawa. Mverani alonda a nkhalango. Jambulirani pawindo: injini izime, galasi litsike, muikepo kathumba ka nyemba kapena mpunga, lenzi igone pa kathumbako n'kumazungulira pomwepo. Pa damu la Lifupa fikani m'mamawa madzi ali bata. Mphepo ikayamba, mafunde a chithunzi china sagwirizana ndi a chinzake, ndipo mvuu nazo zimamira pa chithunzi ichi n'kuvuuka pa chinacho.

Kwa telala

Pulogalamu yaulere yosokera ndi Hugin, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. PTGui ndi yogula. Amene muli ndi Lightroom, sankhani zithunzi zonse za mzere umodzi, mupite pa Photo Merge kenako Panorama, kapena mudine Ctrl ndi M.

Musanasoke, konzani chithunzi chimodzi: dzutsani mdima, chotsani madontho a fumbi, yatsani lens correction kuti makona asade. Zimene mwachita pa chimenecho muzikopere pa zinzake zonse mofanana. Mukakonza chilichonse pachokha, mwabwezeretsa matiresi aja. Za Hugin muzitulutse ngati TIFF kapena JPEG yosafinyidwa kwambiri.

Mu Hugin, pa tsamba loyamba pali masitepe atatu: Load images, Align, Create panorama. Pa Align pulogalamu imasaka timfundo tofanana pa zithunzi zoyandikana, monga kona ya denga kapena nsonga ya mwala, n'kutimangiriza. Nthawi zina imagwira mitambo, imene inali ikuyenda, ndipo zonse zimapindika. Timfundo ta m'mitambo tichotseni pamanja, kapena ndi chida chake chotchedwa Celeste. Wakabaza wobwerezedwa mumamuchotsa pa tsamba la Masks, pomuzunguliza mzere pa zithunzi zimene simukumufuna.

Kenako mudzafunsidwa kayalidwe kake. Dziko limene mwajambula ndi lozungulira, pepala ndi lophwatalala, ndiye pena pake payenera kupindika. Cylindrical ndi imene ndimagwiritsa ntchito pafupifupi nthawi zonse pa mzere umodzi wa chidikha: mitengo ndi mapolo zimaima chilili. Perspective, imene Hugin amati Rectilinear, imasunga makoma owongoka, choncho ndi yabwino pa nyumba, koma mukapitirira madigiri 100 za m'mbali zimakokeka ngati chingamu. Spherical ndi ya mizere ingapo kapena kuzungulira konse. Mzere wa dziko ukapindika ngati uta, mu Hugin muli batani la Straighten, kapena muukoke nokha ndi mouse. M'mbali mudzatsala mano ngati nsalu yodula ndi mpeni. Dulani.

Laputopu ya memori (RAM) ya 4GB imalira ndi zithunzi zazikulu. Yambani mwayesa ndi timakope tating'ono, zikagwirizana ndiye musoke zenizeni, laputopu itatchajidwa, ndipo musunge project musanadine Create panorama, kuti magetsi akathima musayambirenso pachiyambi.

Ikatuluka imakongola, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kulitsani pa 100% muyende nayo kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Yang'anani mawaya a magetsi, m'mphepete mwa madenga, mzere wa dziko, miyendo ya anthu. Ngati msoko waphonya, pamenepo ndi pamene udzaonekere.

Kuitulutsa panja

Zithunzi 7 zija zimabala panorama ya mapikiselo pafupifupi 20,000 m'litali ndi 5,500 mu msinkhu. Mukaisindikiza pa mapikiselo 150 pa inchi, imapitirira mamita atatu m'litali, msinkhu wake n'kutsala pang'ono kukwana mita. Osindikiza zikwangwani atha kuitulutsa. Apatseni JPEG ya sRGB pa fulashi, ndipo musanalipire yonse, dulani kachigawo kamodzi kokhala ndi thambo ndi nthaka, akusindikizireni pa pepala la A4 muone ngati mitundu yatuluka monga mukufunira. Pa WhatsApp muitumize ngati Document, apo ayi idzafinyidwa mpaka zigafa kusanduka phala. Pa foni, panorama yaitali kwambiri imaoneka ngati kaulusi, ndiye ya pa Facebook muidule kuti litali likhale kawiri kapena katatu kuposa msinkhu.

Chomaliza chichitike musanatsike phiri, kamera isanalowe m'chikwama. Masulani zonse zimene munamanga: fokasi ibwerere pa AF, white balance pa AWB, ISO pamene mumaiika masiku onse, SteadyShot iyake, timer ichoke. Ine ndinaiwala kamodzi. Loweruka lotsatira mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, amayi akululutira, ndinadina, kamera n'kuyamba kuwerenga masekondi awiri, fokasi ikadali kutsidya kwa dambo.